Sikelo Imanena Makilo Okha: Manambala Amene Munthu wa mu Lusaka Ayenera Kuwadziwa

M'bandakucha, anthu ambiri mu Lusaka akadali m'bulangete, pa Intercity pamakhala patadzaza kale. Mumsewu wa Dedan Kimathi matakisi amatsitsa anthu ndi zikwama zawo, anyamata oitanira mabasi akulimbirana wapaulendo aliyense: wa ku Chipata uku, wa ku Kitwe uku, ena a ku Livingstone, Mongu, Nakonde, Lilongwe mpaka Johannesburg. Basi isananyamuke, dalaivala wosamala amaizungulira kaye. Amayang'ana oilo, madzi ndi mpweya wa m'matayala, podziwa kuti m'mapiri a ku Luangwa si malo otulukirirapo kuti mabuleki ndi ofooka. Koma mutafunsa anthu amene adzaza m'basimo, ndi dalaivala yemwe, kuti anapimitsa liti BP, ambiri angayambe akumbukira kaye chaka chimene anadwala komaliza.

Umo ndi mmene timakhalira ndi matupi athu. Timapita kukapimitsa pamene ululu watigwetsa, pomwe matenda amene akutha anthu a m'tauni masiku ano amayamba opanda ululu uliwonse. Pali manambala ochepa, osavuta kuwapeza, amene amamuuza munthu kumene thupi lake likulowera zinthu zisanafike poipa.

Sikelo ya pamsewu

Chopimira chimene munthu wa mu Lusaka amachidziwa bwino ndi sikelo. Muipeza m'makhonde a masitolo a m'tauni ndi pafupi ndi malo okwerera mabasi, mwini wake atakhala pambali kudikira wodutsa amene ali ndi ndalama yachitsulo. Munthu amakwera, nayang'ana pansi, natsika. Ngati makilo akwera, nthawi zambiri amachoka akumwetulira.

Kumwetulirako kuli ndi mbiri yake. Kwathu kuno kunenepa kwakhala chizindikiro cha mtendere. Mkazi akanenepa timati mwamuna wake akumusunga bwino, bambo akatulutsa mimba timati ntchito ikumuyendera. Zaka zimene Edzi inkatha anthu mankhwala a ARV asanafalikire zinakhomereranso maganizo amenewa, chifukwa munthu akangoonda, anthu ankayamba kunong'onezana. Amene anaona maliro a nthawi imeneyo sitingawadzudzule kuti amaopa kuonda. Komabe nthawi yasintha. Kafukufuku wa STEPS, amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2017 mothandizana ndi bungwe la WHO pakati pa anthu a zaka 18 mpaka 69, anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi mu Zambia ndi wolemera kuposa muyeso.

Makilo paokha sanena zambiri ngati sitikudziwa kutalika kwa mwini wake. N'chifukwa chake kuchipatala amawerengera nambala yotchedwa BMI. Masamu ake anayamba ndi katswiri wa ku Belgium, Adolphe Quetelet, m'zaka za m'ma 1830, ndipo dzinali linaperekedwa ndi Ancel Keys wa ku America mu 1972. Kawerengedwe kake n'kosavuta: chulukitsani kutalika kwanu m'mamita ndi nambala yomweyo, kenako gawani makilo anu ndi yankholo. Bambo wotalika mamita 1.70 wolemera makilo 80 agawa 80 ndi 2.89, ndipo apeza 27.7. Malinga ndi WHO, pansi pa 18.5 ndi kuonda kopitirira, 18.5 mpaka 24.9 ndi pabwino, kuyambira 25 ndi kulemera kopitirira, ndipo kuyambira 30 ndi kunenepa kumene kumaika moyo pachiswe.

Vuto la BMI ndi lakuti siisiyanitsa mnofu ndi mafuta. Mnyamata wonyamula matumba a chimanga ku Soweto Market akhoza kukhala ndi BMI yofanana ndi ya kalaliki wokhala pampando tsiku lonse, koma matupi awo ndi osiyana kutalitali. Sikelo ili ndi ntchito ina imene sitiyenera kuinyoza: imachenjeza munthu akamaonda popanda chifukwa. Makilo akamatsika mwezi ndi mwezi inu musanasinthe kadyedwe, pitani kuchipatala, chifukwa TB, shuga, HIV ndi khansa zimayamba choncho nthawi zambiri.

Chingwe cha m'chiuno

Mafuta oopsa kwambiri ndi amene amaunjikana m'mimba, kuzungulira chiwindi ndi matumbo. Amenewa ndi amene amayendera limodzi ndi shuga, BP ndi matenda a mtima, ndipo munthu wa miyendo ndi mikono yowonda akhoza kukhala nawo ochuluka. Chowapimira chake ndi tepi ya telala. Imirirani mowongoka, pezani pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, tulutsani mpweya mwachizolowezi osakoka mimba, ndipo zunguliritsani tepiyo pamenepo. Kwa amayi, chenjezo limayamba pa masentimita 80 ndipo ngozi imakula pa 88. Kwa abambo ndi 94 ndi 102. Saizi ya thalauza isakunamizeni, pakuti abambo ambiri amamanga lamba kunsi kwa mimba.

Palinso njira yosafuna ngakhale tepi, imene bungwe la NICE la ku Britain linalimbikitsa mu 2022: m'chiuno mwanu musafike theka la kutalika kwanu. Tengani chingwe, chiyezeni kuchokera kuphazi mpaka pamwamba pa mutu, chipindeni pakati, ndipo zunguliritsani m'mimba. Nsonga zake zikakanika kukumana, mafuta achuluka. Munthu wotalika masentimita 170 asafike pa 85. Mayeso amenewa angachitike ku Chelstone kapena kumudzi ku Katete popanda kulipira ngwee.

BP, nambala yoposa zonse

Munthu atati asankhe chinthu chimodzi chokha choti apimitse chaka chino, asankhe BP. Makina ake amatulutsa manambala awiri. Yapamwamba ndi mphamvu imene magazi amakankhira mitsempha pamene mtima wafinya, yapansi ndi mphamvu yotsala pamene mtima ukupumira pakati pa kugunda kuwiri. Lamba wofufuma wovala pamkono anamuyambitsa dokotala wa ku Italy, Scipione Riva-Rocci, mu 1896, ndipo mu 1905 Nikolai Korotkoff wa ku Russia anaonetsa mmene kumvetsera mtsempha kumaperekera manambala onse awiri. Lero makina a mabatire amachita zonsezi m'mphindi imodzi.

Manambala ozungulira 120/80 kapena kutsikirapo pang'ono ndi abwino. WHO imati munthu ali ndi matenda a BP ngati pamasiku awiri osiyana yapamwamba yafika 140 kapena yapansi yafika 90. Padziko lonse anthu pafupifupi 1.4 biliyoni ali ndi vutoli, ndipo pafupifupi theka la iwo sadziwa. Mu Zambia, kafukufuku wa 2017 uja anapeza kuti wamkulu mmodzi mwa asanu aliwonse, kapena kuchepera pang'ono, anali ndi BP yokwera. Ambiri anali asanapimitsepo chibadwire, makamaka abambo. Amayi amakumana ndi makinawa akamapita kusikelo ya pakati, kumene anamwino amafufuza BP yoopsa ya amayi oyembekezera, koma bambo akhoza kufika zaka 45 lamba uja asanamukhudzepo mkono.

Mu Lusaka mumva munthu akuti, "Ine BP ikakwera ndimaimva, mutu umandiwawa kunkhongo." Chikhulupiriro chimenechi chapweteketsa ambiri. BP yokwera nthawi zambiri siimveka konse. Imawononga mitsempha ya mu ubongo, impso, maso ndi mtima kwa zaka zambiri munthu akugwira ntchito bwinobwino, ndipo chizindikiro choyamba chikhoza kukhala sitiroko. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Dziko la Zambia linalawa ululu wa sitiroko pa mtsogoleri wake weniweni. Pulezidenti Levy Mwanawasa, amene anadwalapo sitiroko mu 2006, anagwidwanso mu June 2008 ali ku Sharm el-Sheikh m'dziko la Egypt kumsonkhano wa African Union, ndipo anamwalira ku Paris pa 19 August chaka chomwecho ali ndi zaka 59. Chipatala chachikulu chokhala ndi dzina lake chili m'mbali mwa Great East Road, njira yomwe anthu a ku Chelstone amadutsa tsiku ndi tsiku.

Kapimidwe kake kamafuna chisamaliro, apo ayi manambala amanama. Musamwe khofi, musasute, musachite masewera kwa mphindi 30 musanapimitse. Yambani mwakataya madzi. Khalani pampando mphindi zisanu, msana utatsamira, mapazi onse ali pansi osapingasa miyendo, mkono utagona patebulo molingana ndi mtima, ndipo musalankhule makina akamagwira ntchito. Lamba akhale wa saizi yanu, chifukwa wamng'ono pamkono waukulu amakweza nambala. Munthu amene wangotsika m'minibasi, wathamangira pamzere, thukuta lili kamukamu, asadabwe nambala yoyamba ikakwera. Apume, abwerezenso, ndipo abwerenso tsiku lina.

Pali nthawi imene kudikira n'koopsa. Nambala ikafika 180/120, makamaka pamodzi ndi kupweteka pachifuwa, kubanika kapena kusaona bwino, thamangirani kuchipatala. Chimodzimodzi nkhope ikapindikira mbali imodzi, mkono ukafooka mwadzidzidzi, kapena mawu akayamba kutuluka mokoka lilime. Zimenezo ndi zizindikiro za sitiroko, ndipo ola lililonse lotayika limapha mbali ina ya ubongo. Ndipo amene anayamba kale mankhwala asawasiye chifukwa choti manambala atsika. Atsika chifukwa cha mankhwalawo.

Mchere uli pakati pa nkhaniyi. WHO imalangiza kuti munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wobisika m'zakudya. Kafukufuku wa 2017 anapeza kuti munthu wa mu Zambia amadya pafupifupi kuwirikiza kawiri muyeso umenewu. Wina timathira tokha m'ndiwo, wina ali kale mu kapenta wouma, soseji, buledi, tchipisi, michopo ndi timibulu tokometsera msuzi.

Kadontho ka magazi

Shuga nayenso amabwera mwakachetechete. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku, kutopa, zilonda zochedwa kupola ndi dzanzi kumapazi zimaonekera matendawa atakhazikika kale. Kupima kwake ndi kubaya chala, kadontho kamodzi. Ngati munthu sanadye kwa maola 8 ndipo nambala yafika 7.0, kapena wapimidwa nthawi ina iliyonse nambala n'kufika 11.1 ali ndi zizindikiro zija, dokotala amaganizira shuga ndipo amatsimikiza ndi mayeso ena. Nambala ya m'mawa ikakhala pakati pa 6.1 ndi 6.9, matenda sanafike koma ali pakhomo, ndipo apa ndi pamene kuyenda, kuchepetsa zakumwa zotsekemera ndi kuchepetsa mitanda ya nsima zimathandiza kwambiri.

Mayeso a HbA1c amaonetsa mmene shuga wakhalira kwa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, ndipo 6.5 peresenti ndi malire ake. Amene ali ndi siko selo kapena vuto la kuchepa kwa magazi auze dokotala, chifukwa kwa iwo mayesowa akhoza kusokeretsa. Kuchepa kwa magaziko nakonso kumapimidwa ndi kadontho: nambala yotsika pa 12 kwa mayi, 11 kwa woyembekezera kapena 13 kwa bambo imafuna kufufuzidwa. Pamndandanda womwewu pali HIV. Kafukufuku wa ZAMPHIA wa 2021 anapeza kuti 11 peresenti ya anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo mu Zambia ali ndi kachilomboka. Amene akumwa ma ARV akukhala ndi moyo wautali tsopano, ndipo nawonso akufika pa msinkhu wa BP ndi shuga. Popita kukatenga mankhwala ndi bwino kupempha kuti manambala enawa aonedwenso.

Kulimba kwa thupi kumayesedwanso

Kusadwala ndi kulimba ndi zinthu ziwiri. Munthu akhoza kukhala ndi magazi abwino koma n'kumapuma wefuwefu akakwera masitepe awiri a nyumba za ku Kabwata. Mayeso a kulimba ambiri safuna chipatala.

Oyamba ndi kugunda kwa mtima. M'mawa musanadzuke, ikani zala ziwiri pamtsempha wa padzanja kumunsi kwa chala chachikulu, werengani kwa masekondi 30, ndipo chulukitsani ndi 2. Kwa munthu wamkulu, 60 mpaka 100 pamphindi ndi pabwino, ndipo othamanga ozolowera amatsika kuposa apo chifukwa mtima wawo umapopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi. Mvetseraninso kayendedwe kake. Mtima wodumphadumpha wopanda dongosolo uyenera kuonedwa ndi dokotala, pakuti umatha kuyambitsa sitiroko.

Achiwiri ndi kufulumira kwa mtima kubwerera m'malo. Yendani mwamphamvu kapena kwerani ndi kutsika sitepe mpaka mutatopa, werengani kugunda mukangomaliza, ndipo werenganinso pakatha mphindi imodzi. Madokotala a ku Cleveland Clinic ku America anafalitsa mu 1999 kuti anthu amene mtima wawo unatsika ndi 12 kapena kuchepera apo m'mphindi yoyambayo anali pachiopsezo chachikulu chomwalira m'zaka zotsatira. Munthu akamalimba, nambalayi imakula.

Achitatu ndi a dokotala Kenneth Cooper, amene anawakonzera asilikali a ndege a ku America mu 1968: kuona mtunda umene munthu angathamange kapena kuyenda m'mphindi 12. Pabwalo lothamangirapo ngati la ku OYDC pa Great North Road, kuzungulira kamodzi ndi mamita 400, mtunda umene wothamanga wa ku Zambia, Muzala Samukonga, anaumaliza m'masekondi 43.74 pamene anapata mendulo ya bronze pa masewera a Olimpiki ku Paris mu 2024. Ife ena sitikupikisana naye. Cholinga ndi kulemba mtunda wa lero ndi kuona ngati udzakule pakatha miyezi itatu. Amene ali ndi BP yokwera, vuto la mtima, kapena wakhala zaka asakuchita masewera, ayambe waonana ndi dokotala asanayese kuthamanga kotere.

Mphamvu za minofu nazo zimanena zambiri. Kafukufuku wa PURE, wofalitsidwa mu magazini ya Lancet mu 2015, anatsatira anthu pafupifupi 140,000 m'mayiko 17, ndipo anapeza kuti mphamvu yofinyira ya dzanja ikatsika ndi makilo 5, chiopsezo cha imfa chinkakwera ndi 16 peresenti. Kwa agogo athu pali mayeso a mpando: akhale pampando wolimba wotsamira khoma, manja atapingasa pachifuwa, ndipo aimirire ndi kukhala kwa masekondi 30 wina akuwerenga ali pafupi kuwagwira. Pa zaka 60 mpaka 64, bambo wolephera kufika 14 kapena mayi wolephera kufika 12 ali ndi miyendo yofooka, ndipo akhoza kugwa mosavuta.

Nanga masewera okwanira ndi ochuluka bwanji? WHO imati mphindi 150 mpaka 300 pamlungu za ntchito yotenthetsa thupi pang'ono, kapena 75 mpaka 150 za ntchito yamphamvu, kuonjezerapo masiku awiri olimbitsa minofu. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Ngati mukutha kulankhula koma simungathe kuimba, muli pa mlingo wapakati. Ngati mukutulutsa mawu awiri atatu kenako n'kupuma, muli pa wamphamvu. Kulima, kutunga madzi, kukolopa ndi kuyenda wapansi kuchokera ku Kabwata kupita m'tauni, zonsezi zimawerengedwa.

Mawotchi, mafoni ndi makina onyenga

M'misewu ya ku Kabulonga ndi Woodlands m'mawa muona othamanga atavala mawotchi owerenga mapazi, kugunda kwa mtima ndi tulo. Ambiri amalimbana ndi kufika mapazi 10,000 patsiku. Nambala imeneyi sinachokere kwa madokotala. Inatchuka ku Japan mu 1965, pamene kampani ina inkatsatsa kachipangizo kowerenga mapazi. Kafukufuku wa I-Min Lee wa ku Harvard mu 2019, pakati pa amayi achikulire, anapeza kuti phindu linkaoneka kale pa mapazi pafupifupi 4,400 patsiku ndipo linkakula mpaka cha pa 7,500. Wotchi ndi yothandiza ngati ikudzutsa munthu pampando, koma siilowa m'malo mwa makina a BP a pamkono. Chodandaulitsa n'chakuti mumzinda umodzi womwewu ena amapima chilichonse tsiku lililonse, pomwe mayi wogulitsa tomato amene amayenda mtunda wautali kuposa onsewo sakudziwa kuti BP yake ili pa 170.

Palinso amene amadyera pa mantha a anthu. Muwapeza m'timaofesi ta m'tauni, m'misika ngakhale m'misonkhano ya kutchalitchi, ali ndi kompyuta ndi kachitsulo koti munthu agwire m'manja. M'mphindi zochepa amakuuzani za chiwindi, impso, mafupa ndi mavitamini, kenako amatulutsa mabotolo a mankhwala okwera mtengo oti mugule pomwepo. Palibe umboni wa sayansi wosonyeza kuti kachitsulo kogwira m'manja kangaone zonsezi. Impso ndi chiwindi zimapimidwa ndi magazi ndi mkodzo mu labotale. Wopima amene akugulitsanso mankhwala a matenda amene wangokupezani nawo ndi woyenera kumukayikira. Choopsa koposa ndi pamene munthu wa BP kapena shuga ataya mapiritsi a kuchipatala chifukwa cha mabotolo amenewa.

Khadi la munthu wamkulu

Chodabwitsa n'chakuti luso lopima ndi kulemba tili nalo kale. Mayi aliyense amadziwa khadi la mwana la kusikelo. Amalisunga m'pulasitiki, amadziwa kuti mzere ukamakwera mwana akukula, ukaima kapena kutsika pali vuto. Amadziwa tepi ya pamkono ya mitundu itatu, ndipo kuti yofiira, pansi pa masentimita 11.5, ikutanthauza kuti mwana wanyentchera koopsa. Mwana akangokwanitsa zaka zisanu, mwambo wabwinowu umathera pomwepo, ndipo munthu amayenda zaka makumi atatu wopanda cholembedwa chilichonse chokhudza thupi lake.

Nambala imodzi ya tsiku limodzi imanena zochepa. Phindu lili pa mzere wa manambala. Gulani kope laling'ono. Lembani tsiku, makilo, m'chiuno, BP, kugunda kwa mtima, ndi shuga mukapimitsa. Makilo ndi m'chiuno kamodzi pamwezi n'kokwanira. BP kamodzi pachaka ngati ili bwino, koma pafupipafupi ngati inakwerapo, ngati muli oyembekezera, kapena ngati makolo anu anadwalapo BP, shuga kapena sitiroko. Makiliniki a boma ngati a ku Kabwata ndi Chelstone ali ndi makinawa, ndipo masitolo ambiri a mankhwala amapima. Kopelo muzipita nalo kwa dokotala, chifukwa limamuuza zimene iye sangazione m'mphindi zisanu zimene ali nanu.

Udindo suli pa munthu payekha. Olemba anthu ntchito, makamaka a madalaivala, alonda ndi ogwira ntchito usiku, angathe kuitana namwino kamodzi pachaka. Mipingo, magulu a chilimba ndi makomiti a m'misika angathe kusonkherana kugula makina amodzi ovomerezeka ndi kuphunzitsa anthu awiri kapimidwe koyenera, opezeka ndi nambala yokwera n'kumawatumiza kukiliniki. Boma nalo lionetsetse kuti amene wapezeka ndi BP akupeza mankhwala mwezi uliwonse, pakuti kupima kopanda chithandizo kumangosiyira munthu nkhawa. Tsiku la 17 May, lokumbukira BP padziko lonse, ndi la 14 November, lokumbukira shuga, ndi masiku abwino oyambira, koma palibe chifukwa chowadikira. Sabata ino, tengani abambo a m'nyumba mwanu, amalume kapena achimwene amene sanapimitsepo, mupite nawo limodzi, ndipo nonse mubwerere ndi manambala anu olembedwa.